Mafuko Awiri a Makina Owerengera Mabuku

Munthu amene lero alowa m'sitolo ndi cholinga chogula kachipangizo kowerengera mabuku, akapeza e-reader ndi tabuleti zitayalidwa pamodzi pa thebulo, zonse ziwiri zopyapyala, zonse ziwiri zokhala ndi galasi kumaso, zonse ziwiri zokwana m'chikwama cha m'manja, sitingamdzudzule akaganiza kuti ziwirizi ndi ana a bere limodzi amene angosiyana mtengo. Koma iye amene adzafatsa ndi kulondola mbiri yake adzapeza kuti n'za mafuko awiri, zobadwa m'mitima ya anthu amene ankafuna zinthu zosiyana, ndi kuti kwa zaka zoposa 50 mafukowa akhala akuyenda lililonse njira yake, nthawi zina kukumana pa mphambano, nthawi zina kulimbana, kenaka n'kupatukananso. Pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa nduna zisanafunse za makolo a eni mlandu ndi kumene adachokera. Tsono ifenso, tisanati uyu aposa mnzake, tiyambe tamva za chibadwidwe chawo.

Buku la masamba osokedwa mbali imodzi, limene ife tidalilandira m'manja mwa amishoni, silidali loyamba padziko; lisanadze ilo, anthu a m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ankawerenga m'mipukutu, imene munthu ankaifunyulula ndi dzanja limodzi akuipindanso ndi linzake, ndipo pakati pa oyamba kukonda buku la masamba koposa mpukutu padali Akhristu akale, popeza m'buku lotere munthu apeza msanga ndime imene aifuna, ndiponso alemba mbali zonse ziwiri za tsamba. Pamene Johannes Gutenberg adasindikiza Baibulo ku Mainz cha m'ma 1455, sadasinthe maonekedwe a buku, adangolichulukitsa. Ndipo kuyambira pamenepo, kwa zaka 500, buku lidakhala ndi makhalidwe atatu amene anthu sankawaona n'komwe chifukwa cha kuwazolowera. Lilibe kuwala kwa ilo lokha, koma libwereka kwa dzuwa kapena kwa nyali. Silidya kanthu kuti zilembo zake zikhalebe pamalo pake. Ndipo silidziwa ntchito ina koma imodzi yokha, yakuti liwerengedwe. Chilema chake n'kulemera, ndipo kulemerako ndiko kukweza mtengo wolinyamula kuchokera kumene lasindikizidwa kufikira kumene kuli wowerenga.

Kulemera kumeneku ndiko kudavuta mtima wa mphunzitsi wina wamkazi wa ku Ferrol, m'dziko la Spain, dzina lake Ángela Ruiz Robles, amene poona ana a sukulu akusenza katundu wa mabuku tsiku ndi tsiku, m'chaka cha 1949 adalembetsa ku boma luso lake la buku lamakina, limene pambuyo pake adalikonza kukhala Enciclopedia Mecánica, bokosi lotseguka ngati buku, lokhala ndi mipukutu ya maphunziro yochotseka ndi yobwezeka, kuti mwana anyamule chinthu chimodzi m'malo mwa zambiri. Chitsanzo chake chidapangidwa mu 1962, koma sadapezeke mwini chuma wovomera kuchichulukitsa, ndipo mayiyo adamwalira mu 1975 osaona ana akuchigwiritsa ntchito. Lero chisungidwa m'nyumba yosungira zinthu za sayansi ku A Coruña. Ndamtchula iye poyamba mwadala, chifukwa mbiri ya makina ikonda kukumbukira amuna a m'makampani aakulu, n'kuiwala kuti mmodzi mwa oyamba kufunsa funsoli adali mphunzitsi womvera chisoni misana ya ana.

Makolo a mafuko onse awiri adakhala m'mudzi umodzi, ku Palo Alto m'chigawo cha California, kumene kampani ya Xerox, yodziwika ndi makina a fotokope, idatsegula nyumba ya kafukufuku yotchedwa PARC mu 1970. Kumeneko Alan Kay, mu 1972, adalemba maganizo ake a kachipangizo kamene adakatcha Dynabook, kompyuta yaing'ono ya msinkhu wa kope, imene mwana akadawerengapo, kulembapo, kujambulapo, kupekerapo nyimbo ndi kudzipangirapo masewera. Ndipo ngakhale luso la masiku amenewo silikadatha kuipanga, iyeyu ndiye kholo la tabuleti, pakuti mtima wa maganizo ake udali wakuti chinthu chimodzi chichite zonse. M'nyumba yomweyo, m'zaka zomwezo za m'ma 1970, Nick Sheridon ankavutika ndi nkhani ina: ankaona anzake akutseka makatani ndi kuzimitsa magetsi kuti aone bwino zolembedwa pa galasi la kompyuta, pamene pepala wamba likondwera ndi kuwala, ndipo pofuna galasi la khalidwe la pepala adapanga chimene adachitcha Gyricon, timikanda tosawerengeka, kalikonse koyera mbali imodzi ndi kakuda mbali ina, totembenuka magetsi akatikoka. Xerox sidapindule nalo luso limeneli, koma mbewu idali itagwa kale m'nthaka.

Mabuku oti awerengedwe pa makina adadza makinawo asanabadwe. Pa 4 July 1971 Michael Hart, wophunzira pa University of Illinois, atapatsidwa mwayi wogwiritsa ntchito kompyuta yaikulu ya pa sukuluyo, adataipamo chikalata chimene America idalengezera ufulu wake, kuti aliyense wokhoza kufika pa makinawo achitenge kwaulere. Ndipo kuchokera pa chiyambi chochepa chotero idakula ntchito yotchedwa Project Gutenberg, imene anthu odzipereka, osalandira malipiro, adaiyendetsa potaipa ndi kukonza mabuku akale tsamba ndi tsamba, kufikira lero ali oposa 70,000. Kwa zaka zambiri chuma chimenechi chidali cha anthu okhala pa desiki, pakuti palibe amene akadagona pa mphasa atanyamula kompyuta ya masiku amenewo.

Oyamba kuyesa kuchotsa mabukuwo pa desiki adagwa msanga. Mu 1998 kudatuluka Rocket eBook, ya Martin Eberhard ndi Marc Tarpenning, amuna omwewo amene pambuyo pake adayambitsa kampani ya magalimoto ya Tesla, ndipo chaka chomwecho kudatulukanso SoftBook. Onse awiri adali makina a ntchito imodzi, koma ovala galasi la fuko linalo, lowala kuchokera kumbuyo ndi lakudya batire. Rocket eBook inkagulidwa pafupifupi madola 500, inkasunga mabuku ngati 10, ndipo buku lililonse linkayenera kudzera pa kompyuta ndi chingwe. Kampani ya Gemstar idagula onse awiri mu 2000, ndipo mu 2003 idaleka malondawo. Chilakolako cha anthu chidalipo ndithu, pakuti mu 2000 momwemo, pamene Stephen King adatulutsa nkhani yake Riding the Bullet pa intaneti pokha, makope pafupifupi 400,000 adatengedwa tsiku loyamba. Chimene chidasowa ndi chotengera choyenera.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo odekhawo adapezeka ku sukulu ya ukachenjede ya MIT, kumene Joseph Jacobson, pamodzi ndi ophunzira awiri amene adali asanalandire ndi digiri yoyamba yomwe, Barrett Comiskey ndi J.D. Albert, adapeza njira imene idabala kampani ya E Ink mu 1997. Pansi pa galasi la e-reader pali timatumba tambirimbiri, kalikonse kukula kwake kofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu, ndipo m'kathumba kalikonse muli madzi oyera mbee m'mene muyandama tinjere ta mitundu iwiri, toyera ndi takuda, tosiyana m'makokedwe a magetsi, kotero kuti mphamvu imene ikweza toyera pamwamba ndiyo itsitsa takuda pansi, ndipo ikatembenuzidwa zonse zitembenuka. Pamene takuda takwera, wowerenga aona kadontho kakuda, ndipo timadontho totere tikasonkhana tipanga chilembo. Chinsinsi chake chachikulu n'chakuti tinjereto tikafika pamalo pake tikhala pomwepo ngakhale magetsi atachotsedwa. Motero makinawo adya batire pa nthawi yotembenuza tsamba, ndipo pa mphindi zonse zimene munthu ali kuwerenga, galasilo silidya kanthu. Apa makhalidwe awiri a buku lakale adabwezedwa: zilembo zokhala pamalo pake popanda kudyetsedwa, ndi tsamba lobwereka kuwala kwa kunja, limene limveka bwino koposa dzuwa likakula.

Koma tinjere tosambira m'madzi sitithamanga. Tsamba la inki yamagetsi lichedwa kusintha, nthawi zina liphethira ndi kuda lonse lisanaonetse zatsopano, ndipo kwa zaka zambiri silinkadziwa mtundu wina koma woyera, wakuda ndi wotuwa. Kanema sayendapo, masewera sakomapo, ndipo kuyendayenda pa intaneti kukhala kotopetsa. Amisiri adachiyesa chilema ichi, ndipo adagwira ntchito usana ndi usiku kuti achichotse. Koma ine ndiona kuti mwa chilema chimenechi khalidwe lachitatu la buku lidabwezedwanso, lija la kudziwa ntchito imodzi yokha, ndipo kuti ichi ndicho chidadzapulumutsa fuko lonse pa tsiku la nkhondo.

Woyamba kugulitsa makina a inki yotere adali Sony, ndi Librié ya mu 2004 ku Japan. Koma mabuku ake ankadzitseka pakapita masiku 60, ndipo anthu sadakondwere kulipira buku limene lidzawathawa. Ulemu wotsegula msika udagwera Amazon, imene pa 19 November 2007 idatulutsa Kindle pa mtengo wa madola 399, ndipo makina onse amene adakonzedwa adatha m'maola asanu ndi theka, osapezekanso kwa miyezi ingapo. Kindle yoyambayo sidali yokongola, ndipo galasi lake silidaposa la Sony. Chimene Jeff Bezos, woyambitsa Amazon, adachizindikira, popeza adali wogulitsa mabuku asanakhale wopanga makina, n'chakuti munthu safuna makina, afuna buku, ndipo alifuna tsopano lino. Chifukwa chake adaika sitolo m'kati mwa makinawo, ya mabuku pafupifupi 90,000, ambiri atsopano pa madola 9.99, ofika kudzera pa netiweki ya mafoni, popanda chingwe, popanda kompyuta. Pambuyo pake kudadza Nook ya Barnes & Noble mu 2009 ndi Kobo ya ku Canada mu 2010; ndipo popeza kampani ya E Ink idagulidwa mu 2009 ndi Prime View International ya ku Taiwan, pafupifupi makina onsewa, ngakhale apikisana pa maina, galasi lawo lichokera ku nyumba imodzi.

Sipadapite nthawi yaitali eni makinawa asanaphunzire chinthu chowawa. M'mwezi wa July 2009 Amazon idapeza kuti makope ena a mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, adagulitsidwa ndi wamalonda wopanda chilolezo. Ndipo mmalo mongoleka kuwagulitsa, idatambasula dzanja lake kudzera pa netiweki yomwe ija yobweretsa mabuku, niwafafaniza m'makina a anthu amene adali atalipira kale, n'kuwabwezera ndalama zawo. Wophunzira wina wa sekondale, amene zolemba zake za m'mphepete mwa buku zidasanduka zopanda pake, adakasuma ku khoti. Bezos adapepesa poyera, ndipo kampaniyo idalonjeza kusachitanso chotero. Komabe phunziro lidatsala, ndipo lidabwerezedwa mu 2019 pamene Microsoft idatseka sitolo yake ya mabuku, mabuku onse ogulidwa kumeneko naleka kutseguka, eni ake nabwezeredwa ndalama. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Buku lotsekedwa ndi loko wa wogulitsa, munthu sadaligule monga agulira la pepala, wangogula chilolezo choliwerenga, ndipo sangalibwereke mnansi momasuka kapena kulisiyira mwana monga cholowa. Vuto limeneli ligwera mafuko onse awiri, kungoti mwini tabuleti akhoza kugula m'masitolo ambiri, pamene mwini Kindle akhala pafupi kwambiri ndi khomo la mbuye mmodzi.

M'mwezi wa January 2008 Steve Jobs wa ku Apple adauza atolankhani a New York Times kuti Kindle sidzapita patali chifukwa anthu adaleka kuwerenga. Koma patapita zaka ziwiri, pa 27 January 2010, iye yemweyo adaimirira pamaso pa khamu ku San Francisco ndi iPad m'manja, ndipo mwa zina adaonetsa sitolo yake ya mabuku. Loto la Alan Kay lidali litavala thupi: galasi la mainchesi 9.7, la mitundu yonse, lomvera chala, la kanema, nyimbo, makalata, masewera ndi mabuku omwe, pa mtengo woyambira madola 499. Ndipo pa 3 April, tsiku loyamba la malonda, zidagulidwa zoposa 300,000. Olosera adanena poyera kuti masiku a e-reader atha, pakuti ndani adzagula wantchito wa ntchito imodzi pamene alipo wina wochita zonse? M'mwezi wa June chaka chomwecho Barnes & Noble idatsitsa Nook kufika madola 199, ndipo tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe Amazon idatsitsa Kindle kufika 189; mu 2011 Amazon yomweyo idatulutsa tabuleti yakeyake, Kindle Fire. Nkhondoyo idafika ndi ku bwalo la milandu, kumene mu 2013 woweruza Denise Cote adapeza Apple yolakwa pa kupangana ndi osindikiza mabuku aakulu asanu kuti akweze mitengo. Sony idatopa ndi kutuluka m'malondawo mu 2014, ndipo n'zoona kuti kuyambira zaka zimenezo matabuleti agulidwa ochuluka kutalitali kuposa ma e-reader.

Koma fuko limene lidaikiridwa maliro silidafe, ndipo zifukwa zake n'zoyenera kuzilingalira, pakuti ndizo zomwezo zimene munthu woima m'sitolo lero aziyeza. Tabuleti iyatsa nyali kumbuyo kwa galasi nthawi yonse imene munthu aiyang'ana, chotero batire lake liwerengedwa m'maola, ndipo Apple yomwe idalonjeza maola 10. La e-reader liwerengedwa m'masabata. Pa dzuwa tabuleti ichita mdima ndi kuonetsa nkhope ya mwini wake, pamene inki yamagetsi iwala bwino. Usiku zinthu zidali zotembenuka, popeza ma e-reader ambiri ankafuna nyali monga buku, kufikira mu 2012 pamene Nook ndi Kindle Paperwhite zidaika timagetsi m'mphepete, towalitsa tsamba kuchokera kutsogolo. Za tulo anthu anena zambiri zopyola umboni. Chimene chidapimidwa n'chakuti pa chipatala cha Brigham and Women's ku Boston, m'kafukufuku wofalitsidwa kumapeto kwa 2014, anthu 12 owerenga pa iPad kwa maola 4 asanagone ankachedwa kupeza tulo ndi mphindi ngati 10 poyerekeza ndi pamene ankawerenga buku la pepala, ndipo m'matupi mwawo munkachepa melatonin, amene aitana tulo. Anthu 12 ndi ochepa, ndipo galasi lidali lowalitsidwa kotheratu. Tisamange nyumba yaikulu pa maziko otere.

Chifukwa choposa zonse, m'kuona kwanga, sichili m'maso koma mumtima. Wowerenga pa tabuleti awerenga pakati pa msika: ali m'katikati mwa ndime, uthenga wa WhatsApp ugogoda, mpira uitana, kanema wa dzulo adikira pafupi ndi chala, ndipo zonsezi zidapangidwa ndi anthu anzeru amene malipiro awo achokera pa kukoka maso a munthu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Buku lalitali lifuna kuti munthu apirire masamba ouma kuti akafike pa onona, ndipo kupirira kotere n'kovuta pamene khomo lothawira lili lotsegula nthawi zonse. E-reader, mwa ulesi wa tinjere take, itseka khomo limenelo popanda kupempha munthu kuti adzilimbitse mtima. Ndipo ambiri amene aigula lero, ali nazo kale foni ndi kompyuta, alipira ndalama zawo kuti apeze malo amene sadzaitanidwa. N'chifukwa chake ndichita nkhawa pang'ono poona mafukowa ayamba kukwatirana, Kindle Scribe ya 2022 italandira cholembera, ndipo Kobo ndi Kindle zitalandira mitundu mu 2024. Pakuti tsiku limene inki yamagetsi idzathamanga ngati galasi la tabuleti, idzakhala itataya chimene anthu ankaifunira.

Tisalakwire tabuleti pa mlandu uwu, pakuti ili ndi dziko lake limene ilamulira mwachilungamo. Buku la sukulu lodzala ndi mapu, zithunzi za thupi la munthu ndi matebulo a manambala. Nyuzipepala ndi magazini. Mapepala a PDF, amene tsamba lake lidaumbidwa pa msinkhu umodzi ndipo likana kupindika kuti likwane pa galasi la mainchesi 6. Wophunzira wa ku koleji amene ayenera kudumpha kuchoka pa tsamba ili kupita pa lija, kulemba m'mphepete ndi kufufuza mawu pa intaneti: onsewa apeza mpumulo pa tabuleti ndipo avutika pa e-reader yaing'ono. Kuwerenga kuli mitundu iwiri, kwa munthu woyenda ulendo wautali m'nkhani imodzi ndi kwa munthu wosakasaka chinthu m'mabuku ambiri, ndipo fuko lililonse lidabadwira mtundu wake.

Ku Africa kuno nkhaniyi idayenda njira yakeyake. Mu 2010 bungwe la Worldreader, loyambitsidwa ndi David Risher, amene kale adali mkulu ku Amazon, pamodzi ndi Colin McElwee, lidapereka ma Kindle kwa ana a sukulu ku Ghana, poganiza, ndipo moyenera, kuti kumene magetsi ali osowa ndi dzuwa lili lochuluka, makina a batire la masabata ndiwo oyenera. Ana adawerengadi, koma magalasi ambiri adasweka, popeza makinawo adapangidwira anthu a m'nyumba za mipando yofewa. Pamene UNESCO idafalitsa kafukufuku wake mu 2014, wochitika m'maiko 7 kuphatikizapo Zimbabwe, Kenya ndi Nigeria, chidaoneka n'chakuti anthu ochuluka awerenga pa chinthu chachitatu chimene mafuko awiri aja sadachiwerengere, ndicho foni ya m'manja, ngakhale yaing'ono ya mabatani. Ndipo ndani wa ife sadaone m'tchalitchi munthu akutsegula Buku Lopatulika pa foni, mawu omwe aja amene William Murray ndi anzake adawamasulira ndi kuwatulutsa athunthu mu 1922?

Kwathu ku Malawi, kumene makomo ambiri a kumudzi alibe magetsi a pa waya, munthu akadayembekezera kuti e-reader ndiyo idzalowa m'sukulu. Koma idalowa ndi tabuleti, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mwana amene sanadziwe zilembo sangapindule ndi tsamba lachete. Afuna liwu lomuuza kuti ichi ndi chiyani, chithunzi chosuntha, ndi yankho la nthawi yomweyo akakhudza polakwika. Bungwe la onebillion la ku Britain lidakonza maphunziro a masamu ndi kuwerenga m'Chichewa, ndipo mu 2013 Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham adayesa a masamuwo pa sukulu ya Biwi mu Lilongwe, napeza kuti ana adapita patsogolo pa masamu. Ntchitoyo idakula mothandizana ndi bungwe la VSO, matabuleti akutchajidwa ndi sola, kufikira mu 2023 pamene Unduna wa Zamaphunziro udayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Agogo a ana amenewa adaphunzira a, e, i, o, u pa sileti ndi pa mchenga, ndipo zidzukulu zawo zikhala pa mkeka ndi zomvera m'makutu. Ili ndilo loto la Alan Kay, ndiponso la mphunzitsi uja wa ku Ferrol, ndipo ndilikondwerera ndi mtima wonse.

Funso limene lindisowetsa mtendere ndi la tsiku lotsatira, pamene mwanayo wadziwa kuwerenga ndipo afuna nkhani yaitali ya m'chinenero chake. Pamenepo e-reader ikadakhala mphatso yoyenera koposa, yotchajidwa kamodzi pa sola ya mnansi n'kukhala masabata, yowerengeka pa khonde masana ndi m'nyumba usiku popanda kugula parafini kapena kandulo. Koma akaitsegula adzapezamo mabuku a Chingerezi osawerengeka, ndipo a Chichewa adzawawerenga pa zala. Tili nawo mabuku: Nthondo ya Samuel Josia Nthara, imene idalandira mphotho, ndi Mbiri ya Achewa ya mlembi yemweyo, Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe, Nzeru za Kale ya Stevenson Kumakanga, nkhani za Jolly Max Ntaba ndi za Willie Zingani, ndi ambiri amene adatuluka m'makina osindikizira a ku Nkhoma, ku Likuni ndi ku Limbe. Makope ake adayenda dzanja ndi dzanja monga mwa mwambo wathu wa kubwerekana, atakutidwa ndi pepala la khaki, kufikira zikuto zidathothoka ndi chiswe chidadya masamba omaliza.

Ntchito yowapulumutsa si ya Amazon kapena Apple, pakuti msika wathu ndi waung'ono pamaso pawo, ndipo sitingawaimbe mlandu pa chimene ife eni sitidachichite. Ifunika kupempha chilolezo kwa mabanja a alembi ndi kwa osindikiza, ndi kugwirizana nawo za malipiro. Ifunika anthu otaipa, ndi ena odziwa chinenero oti awerenge pambuyo pawo, chifukwa makina ojambula masamba asokoneza kalembedwe kakale. Ndipo ifunika kusunga mabukuwo m'mtundu wa EPUB, umene udakhazikitsidwa mu 2007 ndipo suli wa kampani imodzi. Buku lotere, likakhala la mawu okhaokha, nthawi zambiri lichepa kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni yamakono. Litseguka pa tabuleti, pa Kobo ndi pa foni, ndipo kuyambira 2022 Amazon nayonso ililandira munthu akalitumiza ku Kindle yake.